Gogo wa gulu la njovu

Alimi okhala m'mphepete mwa nkhalango ya Nkhotakota amakonda kundifunsa kuti, "Njovu zikalowa m'munda, bwanji osangowombera yaikulu ija kuti zinzake zichite mantha?" Ndimawamvetsa, chifukwa thukuta la chaka chonse limatha usiku umodzi. Koma yaikuluyo ndi imene imasunga mwambo pagulupo.

Gulu la njovu ndi mbumba, ndipo ife Achewa sitingadabwe nazo. Pamakhala mayi wokalamba, abale ake aakazi, ana ndi adzukulu. Zamphongo zikakula zimachoka. Gogoyu ndiye amadziwa kumene madzi amapezeka mitsinje ikaphwa, njira yodzera, ndi nthawi yothawa.

Ku Amboseli, m'dziko la Kenya, njovu zakhala zikutsatidwa imodziimodzi kuyambira mu 1972, pamene katswiri wofufuza za njovu, Cynthia Moss, anayamba ntchitoyi. Kumeneko wofufuza wina, Karen McComb, ndi anzake ankajambula kulira kwa njovu, n'kukakuika pa sipika pafupi ndi mabanja ena. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 2001, zinaonetsa kuti mabanja otsogoleredwa ndi nkhalamba ankasiyanitsa bwino mawu a mnansi ndi a mlendo. Mabanja a mtsogoleri wachitsikana ankangounjikana mwamantha ngakhale wolirayo ali wodziwika, nthawi yodya n'kumatayika. Kenaka anayesa ndi kubangula kwa mikango. Nkhalamba zinkazindikira msanga kuti wobangulayo ndi wamphongo, yemwe ndi woopsa kwambiri kwa ana a njovu, ndipo zinkasonkhanitsa banja lonse.

N'chifukwa chake mu 2016 ndi 2017, pamene African Parks, bungwe losamalira nkhalango za nyama, ndi boma ankasamutsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete kubwera nazo kuno ku Nkhotakota, sankatola iyi ndi iyo. Ankagonetsa banja lathunthu ndi mankhwala olasa ali m'helikopita, n'kulikweza pamodzi. Pa nthawiyo muno munali mutatsala njovu zosakwana 100, opha nyama mozembera atasesa zambiri, makamaka zazikulu za minyanga yaitali.

Phunziro limeneli linagulidwa modula. Ku nkhalango ya Pilanesberg, ku South Africa, anapititsako ana a njovu amasiye ochokera ku nkhalango ya Kruger, opanda wamkulu aliyense. Zamphongo zitasinkhuka zinalusa msinkhu usanakwane, ndipo m'zaka za m'ma 1990 zinapha zipembere zoposa 40. Mu 1998 anabweretsako nkhalamba zamphongo zisanu ndi imodzi, ndipo kuphako kunaleka. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ine nkhaniyi imandikhudza nthawi zonse ndikaikumbukira.

Tsono mukapha mtsogoleri, otsalawo sabwerera m'nkhalango ataphunzira. Amasanduka ana osokonezeka, a mantha ndi aukali, oyenda mosadziwika, ndipo amenewo ndiwo ndimawaopa kukumana nawo m'mbali mwa mtsinje wa Bua. Mukaona mpanda wamagetsi waduka kapena mapazi atsopano kumunda, dziwitsani alonda a nkhalango tsiku lomwelo, muwauzenso ngati pagulupo panali ana aang'ono.