Funso la mlonda: zimene mawu oyamba amabisa

Sewero la Hamlet, limene William Shakespeare analemba cha m'ma 1600, limayamba ndi funso la mawu awiri okha: "Ndani uko?" Owerenga ambiri amangolidumpha funsoli pothamangira zolankhula zitalizitali za Hamlet, mwana wa mfumu, koma ine ndimaona kuti luso lalikulu la mlembiyu lagona pomwepa.

Taonani amene akufunsayo. Ndi pakati pa usiku, kukuzizira, pa linga la nyumba yachifumu ya Elsinore ku Denmark. Francisco ndiye ali pa ulonda, ndipo Barnardo akubwera kudzamulandira ntchito. Mwa mwambo wa alonda kulikonse, woyenera kufunsa ndi amene waima pamalo ake, osati wongofika kumene. Apa zatembenuka, pakuti wofunsa ndi Barnardo, mwakuti Francisco akumubweza kuti iyeyo ndiye ayambe waima ndi kudzitchula dzina. Barnardo waiwala mwambo chifukwa mtima uli m'mwamba: waona kale mzukwa wa mfumu yomwalira kawiri konse pamalo omwewo. Woonerera sanauzidwe kanthu za mzukwawo, komabe wamva kale m'thupi kuti m'dziko limeneli zinthu sizili bwino.

Chinua Achebe anadzera njira ina mu Things Fall Apart, buku limene linatuluka mu 1958. Iye akuyamba ndi kutiuza kuti Okonkwo anali wodziwika m'midzi isanu ndi inayi yonse ngakhalenso kupitirira apo, kenako akufotokoza kuti mbiriyo inadza pamene anagwetsa Amalinze, katswiri wolimbana amene anatha zaka 7 osagonja, Okonkwoyo ali ndi zaka 18 zokha. Chiganizocho chimamveka ngati chitamando, koma chaika kale poyera chimene chidzamupweteke munthuyu, chifukwa amene moyo wake wonse watsamira pa kutchuka sangapirire tsiku limene anthu adzaleke kumumvera.

M'mafilimu, mawu amathandizana ndi chithunzi. The Godfather, imene Francis Ford Coppola anatsogolera mu 1972, imayamba mu mdima ndi liwu la Bonasera, wokonza maliro, akunena kuti amakhulupirira America. Kamera ikamabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, timazindikira kuti bamboyu akudandaulira mkulu wa zigawenga kuti amubwezerere anyamata amene anavulaza mwana wake wamkazi, popeza khoti linawamasula osalowa m'ndende. Chiganizo choyambacho chikutsutsidwa ndi chipinda chomwe akuchinenera.

Pali mtundu wina wa chiyambi umene anthu amakonda kuuloweza pamtima, monga mawu a Leo Tolstoy mu Anna Karenina akuti mabanja okondwa onse amafanana, pamene banja lililonse losakondwa lili ndi tsoka lakelake. Ndi mawu okoma, koma alembi ongoyamba kumene ndimawachenjeza kuti asawatengere, chifukwa Tolstoy sanachedwe pa nzeruyo: nthawi yomweyo akutilowetsa m'nyumba ya Oblonsky, momwe mkazi wangotulukira kuti mwamuna wake amayenda ndi mphunzitsi wa ana awo. Otsanzira ambiri amatola mwambi wokhawo, nasiya chipwirikiti cha m'nyumbamo, mwakuti tsamba loyamba limatha popanda munthu ndi mmodzi yemwe amene wachita kanthu.