Mbare, kumene matchona anamanga mudzi

Ambiri ofika ku Harare pa basi amangodziwa Mbare ngati depoti: phokoso la oitanira, milu ya tomato pa Mbare Musika, ndi chenjezo loti gwiritsani chikwama. Akakwera basi ina, zatha. Komatu kuseri kwa msikawo kuli lokeshoni yakale kuposa zonse za anthu akuda mumzindawu.

Atsamunda anaikhazikitsa mu 1907 kummwera kwa Salisbury (dzina lakale la Harare), ndipo inkatchedwa Harari. Iwo ankafuna antchito, za mabanja analibe nazo ntchito. Ashona ambiri anali ndi minda chapafupi, choncho ankagwira ntchito miyezi ingapo n'kubwerera kukalima. Okhalitsa anali ochokera kutali, ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Northern Rhodesia. Ena anayenda pansi mpaka kuwoloka Zambezi, ena anakwera malole a Ulere, onyamula antchito mwaulere, ndipo ambiri sanaponderenso kwawo.

Munthu akamwalira kutali chonchi, amuika ndani? Nchifukwa chake matchonawa anayambitsa mabungwe osonkherana za maliro, anamanga mizikiti ndi matchalitchi awo, ndipo gule wamkulu anatuluka m'misewu ya tauni. Mpaka lero amavinidwa kumeneko, ngakhale ana ambiri ovinawo Chichewa chawo n'chosakanikirana ndi Chishona.

Nyumba zosanja za Matapi ndi Matererini anamangira amuna okhaokha. Lero chipinda chimodzi mumagona banja lonse, mwina mabanja awiri, malire ake nsalu yopachika pachingwe. Chimbudzi n'cha aliyense pa nsanjikapo, mipope inaphulika kalekale. Amene amanyoza Mbare amaona zimenezi, n'kuiwala kuti timu ya mpira ya Dynamos inabadwira komweku mu 1963, ndipo mbendera ya Zimbabwe inakwezedwa koyamba pabwalo la Rufaro mu April 1980. Ngakhale dzina loti Harare mzindawu unachita kutenga kwa lokeshoniyi mu 1982.

Chowawa kwambiri chinadza pambuyo pake. Lamulo la unzika la 2001 linasandutsa ana ndi adzukulu a matchona kukhala alendo m'dziko lomwe anabadwiramo. Mu 2005, pa Operation Murambatsvina, boma linagwetsa tinyumba takuseri ndi mabenchi a malonda, n'kuuza anthu kuti apite kumudzi. Wobadwira ku Matapi, agogo ake a ku Mangochi kapena ku Dedza, akanalowera kuti? Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC, koma alipobe okalamba ku Mbare amene akusunga chitupa chakale chowatchula kuti mlendo.