Masiku a kemo: masamu amene madokotala amatsata

N'chifukwa chiyani mankhwala a khansa, otchedwa kemo, saperekedwa kamodzi n'kuthana nazo?

Ulendo uliwonse mankhwala amapha gawo chabe la maselo a khansa amene alipo. Wasayansi Howard Skipper ndi anzake anaonetsa zimenezi mu 1964 ku Alabama, ku America, poyesa mankhwala pa mbewa zodwala khansa ya m'magazi. Chotupa cha sentimita imodzi chimakhala ndi maselo pafupifupi 1 biliyoni. Tiyerekeze kuti mankhwala akupha 99 mwa 100 alionse. Ulendo woyamba patsala 10 miliyoni, wachiwiri 100,000, wachitatu 1,000, ndipo apa sitinawerengere amene amaswana podikira ulendo wotsatira.

Chotupa chaphwa ndipo ndikupeza bwino. Ndingasiye?

Ayi, chonde musasiye. Maselo 100,000 dzanja silingawamve, makina ojambula sangawaone, koma ali moyo. Zimandiwawa kuti nthawi imene mankhwala agwira bwino ntchito ndi yomwenso banja limaganiza zosunga ndalama ya thiransipoti.

Nanga amatipumitsiranji pakati?

Mankhwalawa amavulazanso mafuta a m'mafupa, kumene magazi amapangidwa. Pa ndondomeko zambiri munthu amabwerera pakatha masiku 21, magazi atabwereramo. N'chifukwa chake amayamba akuyezani magazi.

Kuchedwa ndi sabata imodzi kuli ndi vuto lanji?

Chotupa sichikula mofanana nthawi zonse. Chikakhala chaching'ono chimachulukana msanga, chikakula chimachepetsa liwiro. Wasayansi Anna Kane Laird anaonetsa mu 1964 kuti kakulidwe kameneka kamatsata masamu amene katswiri wa masamu Benjamin Gompertz analemba mu 1825. M'zaka za m'ma 1970, Larry Norton ndi Richard Simon anatengapo mfundo yakuti chotupa chimene mankhwala achichepetsa ndicho chimaphukira mwachangu. Kafukufuku wa khansa ya m'mawere wofalitsidwa mu 2003 anapezadi kuti amayi olandira mankhwala pa masabata awiri alionse, m'malo mwa atatu, anapindula kwambiri. Khansa ya Burkitt, yofala pakati pa ana ku Malawi, imatha kuwirikiza kukula kwake m'tsiku limodzi kapena awiri. Dokotala akasuntha tsiku chifukwa magazi achepa, imeneyo ndi nkhani ina. Koma ngati vuto ndi mayendedwe, auzeni anamwino tsikulo lisanafike.

Bwanji amaphatikiza mankhwala angapo?

Mu 1979 James Goldie ndi Andrew Coldman anawerengera kuti chotupa chikamakula, mwayi woti mwatuluka maselo osamva mankhwala umakulanso. Selo losamva mankhwala amodzi likhoza kufa ndi ena, choncho amayamba msanga ndi mankhwala awiri, atatu kapena kuposerapo.