Mkangano wa mitengo ya paini ku Tokai unachokera kutali

Kuchoka mu mzinda wa Cape Town ku South Africa kulowera kummwera, mtunda umatsomphoka kulowa m'nyanja mpaka ku Cape Point. Kadziko kopapatiza kameneka kali ndi mitundu ya zomera yopitirira 2,000, ndipo yoposa 100 siipezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Zambiri ndi zitsamba zofupika, za masamba ang'onoang'ono olimba, zimene eni dera amazitcha fynbos. Mlendo akaliona amati ndi tchire wamba, ndipo maganizo amenewa ndiwo analiphetsa.

Mtsamunda wa ku Holland, Jan van Riebeeck, atafika mu 1652, anthu ake anayamba kugwetsa mitengo ya m'zigwa kuti apeze matabwa ndi nkhuni. Dzina loti Hout Bay likutanthauza doko la matabwa. Nkhalango zachilengedwe zinali zochepa kale, ndiye sizinachedwe kutha. Cha m'ma 1880 boma la atsamunda linayamba kudzala paini ndi bulugama ku Tokai, dera la kummwera kwa mzinda wa Cape Town, ndipo kumchenga wa Cape Flats kunali kutadzalidwa kale mitengo ya ku Australia yoti igwire dothi. Odzalawo ankaona ngati akuveka dziko lamaliseche.

Pansi pa paini sipamera kanthu, pamangokhala masamba ouma onga singano. Mitengoyi imamwanso madzi ambiri, ndipo apa mpamene pamandiwawa. M'timitsinje tochepa ta phiri la Table Mountain, monga ka ku Skeleton Gorge pamwamba pa munda wa Kirstenbosch, muli kachule kotchedwa Heleophryne rosei. Mbululu zake zimakakamira pamwala ndi pakamwa kuti madzi othamanga asazikokolole, ndipo zimatha chaka chonse ndi kupitirira zisanasanduke achule. Mtsinje ukangophwa chilimwe chimodzi, ana onse a chaka chimenecho atha. Kulibe phiri lina kumene kachuleka kangathawire.

Duwa lina, Erica verticillata, linatheratu kutchire chifukwa cha minda, nyumba ndi kuthyoledwa kukagulitsa. Linadzapezeka m'ma 1980 m'paki ina ku Pretoria, kenako m'minda ya maluwa ku Ulaya, ndipo akatswiri analibweza kwawo ku Rondevlei ndi ku Tokai komweko.

Paki yoteteza derali inakhazikitsidwa mu 1998, ndipo mu 2005 bungwe la SANParks, loyang'anira mapaki a dzikolo, linalandira nkhalango za paini za ku Tokai ndi ku Cecilia, mfundo ili yoti paini azidulidwa pang'onopang'ono osadzalanso. Anthu oyandikana ndi nkhalangozi sanakondwe. Anati anakulira mumthunzi umenewo, amayendamo ndi ana ndi agalu, ndipo pathengo lowirira munthu sayenda momasuka poopa achifwamba. Mantha awo si abodza. Mu 2016 nkhani inafika kukhoti, ndipo khoti linagamula kuti kudula kusapitirire anthu asanafunsidwe.

Komabe ine mtima wanga uli ku tchire lija. Mthunzi ungadzalidwe m'mbali mwa msewu uliwonse, pamene zomerazi kwawo nkomweko basi. Moto wolusa wa mu Malichi 2015 utapsereza paini wambiri ku Tokai, njere zimene zinagona m'nthaka zaka makumi ambiri, zina zitakwiriridwa ndi nyerere, zinamva kutentha ndi utsi. Mvula itagwa zinatumphuka paphulusa, pakati pa zitsa zakuda.