Mkazi wamapiko wa Dürer ndi nkhondo ya 1499

Pa 6 April 2028 padzakwana zaka 500 chimwalirire Albrecht Dürer, mmisiri wojambula zithunzi wa ku Nuremberg m'dziko la Germany, koma mkangano wa chithunzi chake chimodzi sunazilalebe. Anachizokota pa mkuwa cha m'ma 1501 kapena 1502. Ndi mkazi wosavala, wathupi, wamapiko, waponda pa mpira pamwamba pa mitambo. Kudzanja lina wanyamula chikho, kwinaku zingwe zomangira hatchi kukamwa. Pansi pake, kutali zedi, kukuoneka katauni m'chigwa.

Za dzina lake zinatha kale. Ambiri ankamutcha Fortuna, mulungu wamkazi wa mwayi, koma m'zolemba za ulendo wake wa ku Netherlands mu 1520 ndi 1521, Dürer mwiniwake anamutchula Nemesis, uja Agiriki ankati amatsitsa odzikuza. Mu 1902 katswiri wa mbiri ya zojambula Karl Giehlow anaonetsa kuti chikho ndi zingwezo zinachokera mu ndakatulo ya Chilatini ya Angelo Poliziano, mlakatuli wa ku Italy, yotchedwa Manto. Chikho n'chopatsa woyenera mphotho, zingwe n'zobweza wothamanga mopyola. Chimene chikuvutabe n'chakuti ankabweza yani.

Apa m'pamene chaka cha 1499 chimalowa. Chaka chimenecho Maximilian I, mfumu ya banja la Habsburg, anamenyana ndi Aswisi ndi anzawo a ku Graubünden, ndipo zinamuthina. Pa 22 May asilikali ake anagonja ku Calven, m'malire a Tyrol, dera la mapiri la mfumuyo. Pa 22 July anagonjanso ku Dornach, ndipo pa 22 September anavomera mtendere ku Basel. Amene anatsogolera asilikali a ku Nuremberg pankhondoyo anali Willibald Pirckheimer, bwenzi la ponda apa m'pondepo la Dürer. Iye analemba zimene anaona m'mapirimo, kuphatikizapo gulu la ana anjala amene agogo awiri aakazi ankawakusa kupita nawo kudambo kuti akadye udzu ngati ziweto. Ine sindikhulupirira kuti munthu angabwerere kwawo ataona zoterezi n'kusamufotokozera mnzake wapamtima. Patangotha zaka ziwiri kapena zitatu, mnzakeyo anazokota mulungu wolanga kudzikuza akuuluka pamwamba pa dziko la Tyrol.

Ndi Tyrol ndithu. Katauni ka pansipo ndi Klausen, kapena Chiusa m'Chitaliyana, pamsewu wa ku Venice. Pachithunzipo kanatuluka motembenuka ngati pagalasi, chifukwa zozokota pa mkuwa zimatero zikadindidwa pa pepala.

Otsutsa ali ndi mfundo zolemera, ndipo sindingazinyoze. Klausen ili m'chigwa cha mtsinje wa Eisack, osati kumene kunamenyedwa nkhondo. Dürer sanasiye mawu alionse olumikiza chithunzichi ndi 1499. Erwin Panofsky ndi akatswiri ena a mbiri ya zojambula anaika maso pa thupi la mkaziyo, lomwe analiyeza potsata miyeso ya Vitruvius, katswiri wa zomangamanga wa ku Roma wakale, ndiye amati mmisiriyo ankangofufuza kaumbidwe ka thupi la munthu. Ndiponso Dürer pambuyo pake anagwirira ntchito Maximilian yemweyo, mpaka mu 1515 anapatsidwa ndalama zoti azilandira chaka chilichonse.

Komabe mnzake wa Dürer uja wodziwa bwino Chilatini ndi wovuta kumulambalala, ndipo akatswiri ambiri amati ndakatuloyo inamufika kudzera mwa Pirckheimer. Ngati zili choncho, amene anamubweretsera Nemesis ndi yemweyo amene anaona ana aja akudya udzu. Munthu wa ku Nuremberg wogula pepalali mu 1502 anali atangolandira asilikali a kwawo kuchokera kunkhondo yomwe mfumu yawo inagonja, ndipo dziko limene mkaziyo akuliyang'anira kuchokera m'mitambo linali la mfumuyo.