Gulugufe Mukumunamizira, Woononga Zipatso ndi Ntchentche

Manachesi akangoyamba kupsa, funso limene ndimalandira monga mlangizi ndi lomwelomwelo: "Alangizi, agulugufe atimalizira zipatso, tipopere chiyani?" Ndatopa nalo funsoli, chifukwa mlanduwo si wa gulugufe.

Gulugufe wamkulu wakuda wa mawanga achikasu amene amazungulira mandimu ndi manachesi, Papilio demodocus, amaikira dzira limodzilimodzi pa masamba anthete. Mbozi yake ikadali yaing'ono imaoneka ngati chitosi cha mbalame, kenako imabiriwira. Imadya masamba basi. Pa nazale ikhoza kukadzula mbande, koma kuitola ndi manja kumakwana. Mlomo wa gulugufeyu ndi woyamwira timadzi ta m'maluwa, khungu la chipatso sangaliboole.

Woononga weniweni ambiri simumuona n'komwe. Ndi kantchentche kofiirira ka mizere yachikasu, Bactrocera dorsalis, kochokera ku Asia, kamene kanapezeka koyamba mu Africa ku Kenya mu 2003. Yaikazi ili ndi kasingano kumatako. Imabaya mango, gwafa kapena nachesi n'kusiya mazira mkati. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri mphutsi zaswa. Ng'ambani chipatso chomwe chayoyoka chisanapse: pakhungu kadontho kakuda, mkati mwafewa, timphutsi toyera topanda miyendo tikunyanyuka. Tikakhuta timalowa m'dothi pansi pa mtengo womwewo, n'kudzatuluka tili ntchentche.

Mayi wina wa ku Mwanza amandiwawabe mumtima. Anagula kwa venda mankhwala othiridwa m'botolo la chakumwa, opanda dzina, opanda mlingo. Anapopera katatu, manja osavala kanthu, mwana ali kumbuyo. Njuchi zinatha. Manachesi anapitiriza kugwa, chifukwa mphutsi ili mkati mankhwala opopera kunja kwa chipatso saifikira. Pamene ankandiitana, pansi pa mitengo panali zipatso zowola mbwee, ndipo m'menemo ndi mmene munkachokera ntchentche zatsopano.

Chonde musadikire kuti zichite kufika pamenepo. Tolani zipatso zakugwa kawiri kapena katatu pa sabata, muzimange m'jumbo yakuda yosabooka n'kuisiya padzuwa, apo ayi zikwirireni m'dzenje lopitirira theka la mita. Misampha ya methyl eugenol, mankhwala a fungo lokopa ntchentchezi, imagwira zazimuna zokha, ndiye payokha siikwanira. Ndipo uzanani ndi oyandikana nawo munda, poti ntchentche ya kwa mnzanu imafika kwanu. Wogulitsa botolo lopanda chizindikiro, ngakhale alumbire bwanji, musamupatse ndalama yanu.