Kusaka mankhwala otseka kachipata kamodzi ka ululu

Mtsempha wotumiza mauthenga m'thupi ukawonongeka, kaya ndi matenda a shuga, mashingozi, HIV, mankhwala a khansa kapena ngozi, umayamba kunama. Umauza ubongo kuti phazi likupsa pamene palibe moto. Wodwala amati mapazi akuyaka, akubayabaya ngati singano, achita dzanzi koma akupwetekabe. Ena ngakhale nsalu yofunda ikangokhudza chala, tulo tonse balala. Paracetamol ndi ibuprofen sathandiza kwenikweni, popeza vuto si kutupa.

Madokotala amayamba ndi amitriptyline, duloxetine, gabapentin kapena pregabalin. Onsewa anapangidwira matenda ena, a maganizo kapena a khunyu, ndipo amagwira ntchito mu ubongo ndi mumsana. N'chifukwa chake amabweretsa tulo ndi chizungulire. Phindu lake ndi lochepa: pa anthu pafupifupi 7 omwa pregabalin kapena gabapentin, mmodzi yekha ndi amene ululu wake umatsika ndi theka chifukwa cha mankhwalawo.

Akatswiri tsono akuloza pa mtsempha weniweniwo. Pakhungu la mtsempha pali tizipata tolowetsa sodium, yemwe amapezeka mumchere, ndipo tikatseguka uthenga umathamanga. Tizipatati tilipo ta mitundu 9. Mu 2006 ofufuza a ku Cambridge analemba za mabanja a kumpoto kwa Pakistan omwe ana awo sankamva kupweteka chibadwire. Mnyamata wina ankayenda pa makala a moto poonetsa anthu mumsewu. Ofufuzawo anapeza kuti kachipata kotchedwa Nav1.7 sikankagwira ntchito mwa anawo. Makampani anathamangira kupanga mankhwala otseka kachipatako, koma mpaka pano palibe amene anafika pamsika.

Chinavuta n'chiyani? Tizipatati timafanana kwambiri. Mankhwala akaphonya n'kukatseka Nav1.5, ka mumtima, mtima umasokonezeka kagundidwe. Akachepetsa mlingo poopa zimenezo, tizipata tambiri timatsala totsegula ndipo ululu umadutsabe.

Kachipata kena, Nav1.8, kapereka chiyembekezo chifukwa kamapezeka makamaka m'mitsempha ya ululu, kunja kwa ubongo. Mu Januwale 2025 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linavomereza suzetrigine wa kampani ya Vertex, wotseka kachipata kameneka. Tisafulumire kuomba m'manja: anavomerezedwa pa ululu wa masiku ochepa, monga wa pambuyo pa opaleshoni. Atayesedwa pa ululu wa mtsempha wotsika kuchoka m'chiuno kupita kumwendo, odwala anapezako bwino, koma omwe anamwa mapiritsi opanda mankhwala anapezanso bwino pafupifupi chimodzimodzi.

Pali njira ina yooneka yachilendo, chomata pakhungu chokhala ndi capsaicin, chomwe chimawawitsa tsabola, wa mphamvu ya 8 peresenti. Amamata kuchipatala, mphindi 30 kumapazi kapena 60 pamalo ena. Poyamba pamawotcha kwambiri, kenako nsonga za mitsempha ya pakhungu zimafota. Zimaphukanso, choncho amabwereza pakatha miyezi itatu.

Kuchiritsa mtsempha woduka ndi nkhani ina. Ukalumikizidwa pa opaleshoni umamera pafupifupi milimita imodzi patsiku. Ngati wadukira paphewa, kuti ufike kudzanja pamafunika chaka ndi kupitirira, pamene mnofu wokhala wopanda mtsempha miyezi 12 mpaka 18 suchedwa kufota mosabwerera. Pofuna kupambana mpikisanowu, madokotala amatenga mtsempha wamoyo wapafupi ndi mnofuwo n'kuulumikiza, kuti mtunda ufupike. Ena akuyesa kudutsitsa magetsi ofooka mumtsempha kwa ola limodzi opaleshoni ili mkati, kuti kumerako kuyambe msanga.